Excel ikakupatsani yankho la ma equation, mudziwa bwanji kuti ndi loona?

Funso: Ndikuphunzira ntchito ya zamagetsi ndipo nthawi zambiri timapatsidwa ma circuit a ma loop atatu kapena anayi. Kuwerengera pamanja kumandithera tsamba lonse, ndipo ndikangophonya pamodzi zonse zapita. Mnzanga anandiuza kuti Excel imatha kuthetsa ma equation onsewo nthawi imodzi. Ndayesa, koma pena imangotulutsa nambala imodzi m'malo mwa zitatu, pena imalemba #NUM!. Ndikulakwitsa pati? Nanga ikatulutsa yankho, ndidziwa bwanji kuti ndi loona?

Yankho: Mnzanuyo sanakunamizeni. Excel imathadi, ndipo LibreOffice Calc ndi Google Sheets nazonso zili ndi mafomyula omwewo, mayina ake osasintha. Mavuto awiri mwatchulawo si ofanana kulemera kwake. La nambala imodzi ndi laling'ono, limatha ndi mabatani atatu. La #NUM! nthawi zambiri silichokera ku Excel ayi, limachokera ku ma equation anu. Koma funso lanu lomaliza ndilo lenileni, ndipo ndikhalitsa pamenepo.

Kuti tisalankhule m'malere, tengani circuit iyi. Batire la 12 V lili mu loop yoyamba. Ma resistor alipo asanu: ya 2 ohm ili mu loop yoyamba yokha, ya 4 ohm ili pamalire a loop yoyamba ndi yachiwiri, ina ya 2 ohm ili mu yachiwiri yokha, ina ya 4 ohm ili pamalire a yachiwiri ndi yachitatu, ndipo yomaliza ya 4 ohm ili mu yachitatu yokha. Current ya loop iliyonse tiitche I1, I2 ndi I3, zonse zizizungulira mbali imodzi, komwe batire likukankhira. Lamulo limene Gustav Kirchhoff analemba mu 1845, akadali wophunzira, limati mukazungulira loop mpaka kubwerera pomwe munayambira, ma voltage onse kuwaphatikiza amapereka ziro. Mukalitsata mupeza izi:

6·I1 − 4·I2 + 0·I3 = 12
−4·I1 + 10·I2 − 4·I3 = 0
0·I1 − 4·I2 + 8·I3 = 0

Ma ziro awiri akumanzerewo ndawalemba dala. Papepala timawasiya, koma mu Excel kabokosi kosalembamo kanthu kamachititsa kuti MINVERSE ibweze #VALUE!. Onaninso kuti zosadziwikazo zikungochulukitsidwa ndi nambala kenako n'kuphatikizidwa. Palibe I1 yochulukitsidwa ndi I2, palibe yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Ma equation otere ndi amene amatchedwa linear, ndipo njira yomwe ndikufotokozayi imagwira pa amenewa basi.

Nambala zisanu ndi zinayi zakumanzere, zomwe pamodzi ndi matrix yanu, zilembeni mu B2:D4 monga zilili. 12, 0, 0 zilembeni motsika mu F2:F4. Mu H2 lembani:

=MMULT(MINVERSE(B2:D4),F2:F4)

Mupeza 3, 1.5 ndi 0.75, zonse mu ma ampere. Nzeru yake si yachilendo. Mukakhala ndi 6x = 12 mumachulukitsa 12 ndi 1/6. MINVERSE imapeza "1/6" wa matrix yonse, MMULT n'kuchulukitsa. Kusiyana kwake n'koti apa dongosolo silisinthika: MINVERSE kutsogolo, F2:F4 pambuyo. Mukazitembenuza, #VALUE!.

Za nambala imodzi ija: Excel 2019 ndi ina yakale imafuna kuti muyambe mwasankha timabokosi tonse titatu, H2 mpaka H4, mulembe fomyula, kenako mudine Ctrl, Shift ndi Enter pamodzi. Mukadina Enter yekha imakupatsani I1 yokha. LibreOffice Calc imafunanso mabatani atatu omwewo. Excel 2021 ndi Microsoft 365 zimayala zokha mayankho kutsika m'munsi, bola pasakhale cholembedwa mu H3 ndi H4, apo ayi mudzaona #SPILL!. Nkhani yatha pamenepo.

Tisanapitirire, langizo limodzi pa kayalidwe. Musamalembe 6, 10 ndi 8 ndi manja mu matrix. Ikani ma resistor asanuwo pamalo pawokha, aliyense ndi dzina lake ndi muyezo wake pambali, ndipo timabokosi ta matrix tikhale mafomyula otenga kumeneko. Mawa resistor ina ikasintha, musintha kabokosi kamodzi ndipo mayankho onse atsatira. Ubwino wonse wa spreadsheet poyerekeza ndi kakyuleta uli pamenepa. Samalani ndi msampha umodzi umene umakola anthu a zamagetsi makamaka: mukalemba =R1+R2, Excel siganiza za ma resistor, imapita kukatenga zomwe zili mu kabokosi R1 ndi R2, ndipo ngati mulibe kanthu imakupatsani ziro osadandaula. Dzina loti R1 imalikananso mukafuna kulipereka kwa kabokosi. Lembani R_1 kapena Ra.

Tsopano #NUM!. Uthengawu umatanthauza kuti matrix yanu ilibe inverse, "1/6" wake uja amene MINVERSE imafunafuna. Ma equation mwawawerenga akwana, atatu pa zosadziwika zitatu, koma imodzi mwa iwo ikungobwereza zomwe anzake anena kale, choncho amene akunena kanthu ndi awiri okha. Mwa ophunzira, izi zimachitika kawirikawiri chonchi: circuit ili ndi ma loop awiri, munthu walemba equation ya loop yoyamba, ya yachiwiri, ndiye pofuna yachitatu wazungulira kunja konse. Ikuoneka yatsopano, koma phatikizani ziwiri zoyambazo muone ngati simupeza yomweyo. Njira ya ma node, kutanthauza mphambano za mawaya, nayo ili ndi msampha wake. Ngati mphambano za mawaya zilipo zinayi ndipo mwalembera iliyonse equation ya current yolowa ndi yotuluka, yachinayiyo sinena chatsopano. Chifukwa chake si cha masamu okha. Voltage ndi kusiyana kwa malo awiri, ndiye popanda malo amodzi omwe mwati "pano ndi ziro", mayankho ndi osawerengeka. Sankhani node imodzi ikhale ground, mufute mzere wake wopingasa ndi wotsika, #NUM! achoka.

Anzathu a zomangamanga amakumana nazo zomwezi m'chinenero chawo. Truss ya padenga kapena ya mlatho imapereka ma equation awiri pa mfundo iliyonse pomwe zitsulo zakumana. Ya makona atatu ili ndi mfundo zitatu, ndiye ma equation asanu ndi imodzi, ndipo zosadziwika ndi zitsulo zitatu kuphatikiza mphamvu zitatu za pomwe yatsamira. Zakwana ndendende. Ya makona anayi yopanda chitsulo chodutsa pakati ili ndi ma equation asanu ndi atatu pa zosadziwika zisanu ndi ziwiri, ndipo mukaimangadi imapindika mukangoikankha chammbali. Masamu akakana, kawirikawiri amakhala akunena zoona za chinthucho.

#NUM! ndi wabwino, chifukwa amakuchenjezani. Choopsa n'chakuti si nthawi zonse amabwera. Excel imasunga manambala mpaka madijiti 15, otsalawo imadula. Determinant ndi nambala imodzi yowerengedwa kuchokera ku matrix yonse, ndipo imakhala ziro matrix ikakhala yopanda inverse. Ndiye matrix yomwe determinant yake imayenera kukhala ziro ikhoza kupereka kanthu kakang'onong'ono ngati 1E-16 (0.0000000000000001) mukagwiritsa ntchito MDETERM, fomyula yopezera determinant, ndipo MINVERSE imapitiriza ngati palibe vuto, n'kutulutsa manambala aakulu mopanda nzeru. Mukaona current ya ma ampere mabiliyoni pa batire la 12 V, musayambe kufufuza ma resistor. Bwererani mukaone equation yobwerezabwereza.

Pali chinanso chobisika kuposa pamenepa, ndipo ndi chimene ndimafuna wophunzira aliyense achione ndi maso ake. Lembani ma equation awiri awa: x + y = 2, ndi x + 1.001y = 2.001. Yankho ndi x = 1, y = 1. Tsopano sinthani 2.001 akhale 2.002. Yankho lasanduka x = 0, y = 2. Mwasintha nambala imodzi ndi kagawo kosakwana 0.1 peresenti, yankho latembenukiratu. Excel sinalakwitse ngakhale pang'ono, mayankho onse awiri ndi olondola pa manambala omwe munaipatsa. Vuto ndi loti ma equation awiriwo akunena pafupifupi chinthu chimodzi, ndiye yankho lonse lapachikika pa kakusiyana kakang'onoko. Pamene manambala anu achokera ku mita kapena ku mitundu ya pa resistor, kumbukirani kuti mzere wagolide umatanthauza kuti ikhoza kuphonya ndi 5 peresenti, wabulauni ndi 1 peresenti. Pa ma equation ngati amenewa, yankho lochokera ku manambala otero ndi lopanda ntchito ngakhale litakhala ndi madijiti khumi.

Si za m'kalasi zokha izi. Pachikani katundu wolemera 1 kN pakati pa zingwe ziwiri zofanana. Zingwezo zikapendekeka madigiri 30 kuchokera pa mzere wopingasa, chilichonse chimakoka ndi 1 kN. Zikungeni mpaka zitsale ndi digiri imodzi yokha kuti ziwongokeretu, chilichonse chikoka pafupifupi 28.6 kN. Pa theka la digiri, pafupifupi 57 kN. Kuphonya theka la digiri poyeza kwawirikiza yankho kawiri. Zingwe zikamayandikira kukhala mzere umodzi, ma equation ake nawonso amayandikira kufanana. Poyesa chitsanzo chimenechi musaiwale kuti SIN ndi COS za mu spreadsheet sizimva madigiri. =SIN(30) imapereka −0.988. Cholondola ndi =SIN(RADIANS(30)), chomwe chimapereka 0.5.

Anthu ambiri amaphunzitsidwa kuti determinant ikakhala yaying'ono ndiye kuti pali vuto. Ine sindidalira muyezo umenewo. Determinant ya circuit yathu ija ndi 256. Lembani ma resistor omwewo mu ma kilo-ohm, kutanthauza 0.006 m'malo mwa 6, determinant itsika kufika pa 0.000000256, chikhalirecho circuit ndi yomweyo ndipo ili bwinobwino. Muyezo wodalirika ndi condition number, ndipo kuipeza sikovuta. Pa mzere wopingasa uliwonse wa matrix phatikizani manambala osalabadira mainasi, monga =SUMPRODUCT(ABS(B2:D2)), mutenge chiwerengero chachikulu koposa. Chitaninso chimodzimodzi pa inverse, yomwe muyenera kuiyala pamalo pakepake. Chulukitsani ziwirizo. Pa circuit yathu ndi 18 kuchulukitsa ndi 0.4375, pafupifupi 8. Pa ma equation awiri a x ndi y aja ndi pafupifupi 4,000. Nambala imeneyi ikukuuzani kuti cholakwa chochepa cha m'manambala olowetsa chikhoza kukula mpaka kangati pofika ku yankho. Eyiti ndi wopirira. Zikwi zinayi ndiye kuti muyenera kukhala pansi n'kuganizanso.

Tifike pa funso lanu lenileni. Macheke alipo awiri, ndipo amagwira akuba osiyana.

Woyamba ndi wobweza yankho mu ma equation. Mu J2 lembani =MMULT(B2:D4,H2:H4)-F2:F4. Muyenera kupeza ma ziro, kapena tinambala ngati 1E-15, zomwe ndi ziro yemweyo. Chitani zimenezi nthawi zonse, sizitenga mphindi. Koma dziwani malire ake: zimangotsimikiza kuti Excel yathetsa bwino ma equation omwe munaipatsa. Sizinena ngati ma equation amenewo ndi a circuit yanu.

Yesani izi. Mu B3 chotsani mainasi, −4 akhale 4, monga zimachitikira munthu akamakopera mothamanga. Excel ipereka 1.5, −0.75 ndi −0.375. Palibe uthenga wofiira. Cheke wa mu J2 akupereka ma ziro oyera. Manambalawo ndi ooneka bwino, ndipo mainasi munthu akhoza kungoti current ikuyenda chobwerera. Yankho lonselo ndi labodza.

Chomwe chimagwira bodza limeneli ndi cheke wachiwiri, wochokera ku magetsi enieniwo osati ku matrix. Mphamvu yomwe batire likutulutsa iyenera kufanana ndi yomwe ma resistor onse akudya. Pa yankho loona, batire likupereka 12 kuchulukitsa ndi 3, ma watt 36. Resistor yoyamba ili ndi ma ampere 3, ikudya 18. Ya pamalire oyamba ili ndi 3 kuchotsa 1.5, ikudya 9. Yachitatu ikudya 4.5, ziwiri zomalizazo 2.25 iliyonse. Zonse pamodzi 36. Pa yankho la mainasi wosowa uja, batire likupereka ma watt 18 pamene ma resistor akudya 27. Asanu ndi anayi enawo achokera kuti? Palibe circuit yotero padziko. Chofunika apa n'chakuti chekeyu azitenga manambala ake ku ma resistor omwe munaika pamalo pawokha aja, osati ku matrix. Akatenga ku matrix adzabwereza cholakwa chomwecho n'kuvomereza. Wa zomangamanga amachita zofanana: mphamvu zonse za pomwe truss yatsamira ziyenera kufanana ndi katundu yense amene yasenza.

Matrix yokhayo imathanso kudziulula musanawerengere n'komwe. Ngati circuit ili ndi ma resistor ndi mabatire okha, ndipo ma loop onse mwawazunguliza mbali imodzi, manambala otsika chopingasa kuchokera pakona yakumanzere, 6, 10 ndi 8, sakhala ndi mainasi, ena onse amakhala a mainasi kapena ziro, ndipo mbali ziwirizo zimafanana: chomwe chili mu C2 chili mu B3, cha mu D3 chili mu C4. Resistor ya pamalire ndi imodzi, loop zonse ziwiri zimaiona chimodzimodzi. Fomyula ya =B2:D4-TRANSPOSE(B2:D4) iyenera kupereka ma ziro okhaokha. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuzunguliza ma loop onse mbali imodzi ngakhale mukuona kuti current ina ipita kwina. Mainasi adzakuuzani yekha. Kufanana kumeneku kumatha mukayamba kuwerengera ma transistor, pomwe current ya malo ena imalamulidwa ndi ya malo ena, ndiye musadabwe mukafika kumeneko.

Miyezo ndi khomo lina lolowera bodza. Ma volt ndi ma ohm amapereka ma ampere, ma volt ndi ma kilo-ohm amapereka ma milliampere. Zonse ziwiri zili bwino, kusakaniza ndiko kumapha. Resistor ya 4.7k yolembedwa 4.7 pakati pa anzake olembedwa mu ma ohm, matrix siidzaikana.

Popeza ndinu wa zamagetsi, posachedwa mukumana ndi AC, ma capacitor ndi ma inductor, ndipo manambala anu adzakhala a magawo awiri, R + jX. MINVERSE simva manambala otero. Njira yozembera ilipo ndipo ndi yaukhondo. Current iliyonse igaweni pawiri, a + jb. Mukachulukitsa R + jX ndi a + jb mumapeza Ra − Xb mbali yeniyeni, ndi Xa + Rb mbali ya j. Choncho ma loop atatu amasanduka ma equation asanu ndi imodzi, ndipo matrix yake ili ndi zigawo zinayi: pamwamba R kumanzere ndi −X kumanja, pansi X kumanzere ndi R kumanja. Zosadziwika ndi ma a atatu kenako ma b atatu. Fomyula ndi yomwe ija. Mukamaliza, kukula kwa current ndi =SQRT(a^2+b^2), mukalozera ku timabokosi take.

Mwina wina akuuzani kuti mugwiritse ntchito zida za mu Excel zotchedwa Solver kapena Goal Seek. Pa ma equation a linear ine sindingatero. Zida zimenezo zimalemba yankho ngati nambala yakufa, ndipo mukasintha resistor yankho lakale limakhalabe pomwepo mpaka mutakumbukira kuziyendetsanso. Malo ake ndi pomwe linear yathera, monga pa diode, kapena pa madzi a m'mapaipi, pomwe mphamvu yotayika imakula pafupifupi kanayi madzi akawirikiza kawiri. Hardy Cross anafalitsa njira yowerengera mapaipi otere mu 1936, yongoyerekeza yankho n'kumalikonza pang'onopang'ono, ndipo imayalika bwino pa spreadsheet. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Akatswiri a masamu a pakompyuta akaona MINVERSE amachita tsinya, ndipo ali ndi chifukwa. Kupeza inverse yonse kumafuna ntchito pafupifupi katatu kuposa njira yochotsa zosadziwika chimodzichimodzi, yomwe mukuvutika nayo pamanjayo. Njirayo imatchedwa ndi dzina la Gauss ngakhale kuti ku China ankaidziwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Pa zosadziwika zitatu, khumi, ngakhale makumi awiri, kusiyanako simudzakuona. Inverse ilinso ndi phindu lake mukaiyala n'kuiyang'ana. Mzere wake woyamba wotsika pa circuit yathu ndi 0.25, 0.125 ndi 0.0625, kutanthauza current yomwe volt imodzi ya mu loop yoyamba imabweretsa mu loop iliyonse. Chulukitsani ndi 12 mupeze 3, 1.5 ndi 0.75 zija. Mzere wachiwiri ukuuzani zomwe zingachitike batire litasamukira mu loop yachiwiri, osawerengeranso kalikonse.

Malire enieni a spreadsheet ndi maso anu. Zosadziwika 30 ndi timabokosi 900, ndipo mainasi mmodzi wosowa pakati pa 900 simungamupeze poyang'ana. Circuit ikakula choncho, pitani ku mapulogalamu a mtundu wa SPICE, monga LTspice yomwe ndi yaulere. Mumajambula circuit, matrix imadzipangira yokha. Ngati ma equation si a circuit, Octave, MATLAB kapena Python zimawathetsa ndi mzere umodzi popanda kupeza inverse. Pa ma loop anu atatu kapena anayiwo, yambani ndi circuit yomwe munaiwerengera kale pamanja ndipo yankho lake mukulidziwa, muiyale ndi macheke onse awiri pambali, kenako muzingosintha ma resistor pa ntchito iliyonse yatsopano ya maonekedwe omwewo.